Mkodzo ukada pa maphunziro a usilikali: momwe mungadziwire msanga kuti impso zayamba kuvutika

A Malawi Defence Force kapena apolisi akangolengeza kuti akulemba achinyamata, m'mbali mwa msewu wa M1 kuyambira pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu mpaka Bangula mumadzaza anyamata ndi atsikana othamanga. Sipapita masiku ambiri, funso limabwera lomwe lija: "Mwanayu ntchafu zatupa, akukodza zakuda ngati kokakola, timugulire mankhwala anji?" Palibe mankhwala a m'golosale a vuto limeneli, ndipo amene anthu amakonda kugulawo ndi omwe amalikulitsa. Ndiye ndalemba pano kamodzi, kuti amene mukukonzekera kwanu kuno, amene mwatengedwa kale kupita ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima kapena ku sukulu ya apolisi, komanso makolo amene mumalandira foni usiku, mudziwe choyang'ana.

Choyamba mumve chomwe chimachitika m'thupi. Impso zili ziwiri, kumsana m'munsi mwa nthiti, iliyonse kukula kwake ngati chibakera. Pa tsiku zimasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180, ochuluka n'kuwabweza m'thupi, lita 1 kapena 2 n'kusanduka mkodzo. Munthu akamathamanga padzuwa, magazi ambiri amapita ku minofu ndi ku khungu, impso n'kulandira ochepa. Thukuta nalo limachepetsa madzi otsalawo. Ndiye pamabwera chachitatu: minofu ikagwiritsidwa ntchito kupitirira pomwe inazolowera, imaphwanyika mkati n'kutayira m'magazi chinthu chofiirira chotchedwa myoglobin. Chimenechi chikafika mu impso zouma kale, chimatseka timachubu tosefera n'kutiwononga. A chipatala vutoli amalitchula kuti rhabdomyolysis, mwachidule rhabdo. Likagwidwa tsiku loyamba, nthawi zambiri madiripi okha amakwana. Likabisidwa masiku atatu, munthu angathe kufika pa makina osefa magazi.

1. Chotsani kaye matenda amene muli nawo kale

Kutatsala mwezi kuti muyambe kuthamanga mwamphamvu, pitani kuchipatala mukayezetse mkodzo. Kuno kuchigwa ambiri tinakula tikusamba m'madambo, m'ngalande za mthirira ndi m'mphepete mwa Elephant Marsh, choncho likodzo lili ndi anthu ambiri, ena osadziwa n'komwe. Mankhwala ake ndi praziquantel, amaperekedwa malingana ndi kulemera kwa thupi, ndipo amamwedwa mutadya. Chifukwa choyezetsera msanga n'chakuti mukadzaona mkodzo utasintha pa maphunziro, musadzanene kuti "ndi likodzo langa lija".

Funsaninso akuluakulu kwanu ngati pa mtundu panu pali matenda a magazi otengera kwa makolo otchedwa sickle cell. Munthu angathe kukhala ndi theka chabe la chibadwa chimenechi, osadwala chilichonse moyo wake wonse, koma n'kugwa pa liwiro loyamba la mpikisano. Kafukufuku wa 2016 pa asilikali akuda pafupifupi 48,000 a ku America anapeza kuti otere amapezeka ndi rhabdo kaŵirikaŵiri kuposa anzawo, mwina kuwirikiza kamodzi ndi theka. Ambiri mwa iwo amagwira usilikali bwinobwino, koma ayenera kudziwa.

Ngati mwangodwala malungo, chimfine chotentha thupi, kutsegula m'mimba kapena kusanza, musathamange mpaka mutachira ndi kuyamba kudya bwino. Ambiri amene amagwa amakhala kuti dzulo lake anali ndi "kamalungo pang'ono".

2. Kwezani pang'onopang'ono, ndipo musadalire kuti ndinu a ku Nsanje

N'zoona kuti wokulira ku Makhanga kapena ku Ngabu, komwe mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 40, amapirira dzuwa kuposa wa ku Dedza, amene thupi lake limafuna masiku 10 mpaka 14 kuti lizolowere. Koma pali ziwiri zomwe anyamata akuno saganizira. Thupi lozolowera kutentha limatuluka thukuta msanga ndiponso lochuluka, ndiye limafuna madzi ambiri. Komanso kuzolowera dzuwa sikuteteza minofu. Mnyamata wopalasa kabaza kapena wolima kudimba tsiku lonse ndi wamphamvu ndithu, koma chomwe chimaphwanya minofu ndi ntchito yachilendo yobwerezabwereza: kudumpha ngati chule, kunyonyomala n'kudzuka maulendo mazana, mapushapu osawerengeka, kutsetsereka phiri mutabereka chikwama cholemera. Wamphamvuyo ndiye amapitiriza pomwe wofooka wasiya kale, n'chifukwa chake amavulala kwambiri.

Sabata yoyamba chitani theka la zomwe mukuona kuti mungathe, ndipo pakati pa masiku ovuta muziika tsiku lopepuka. Thamangani m'mamawa dzuwa lisanakwere kapena madzulo litapendeka. Zothamanga 12 koloko "kuti thupi likhwime", zovala jekete kapena pulasitiki mkati kuti muchepe thupi, zisiyeni. Mowa usiku woti mawa muthamanga, kaya ndi kachasu kaya wa m'botolo, ayi.

3. Madzi muziyeza, osangoganizira

Pa kutentha kwa kuno, munthu wothamanga amataya lita 1 mpaka 1.5 pa ola, ena kuposa apo. Njira yodziwira mlingo wanu ndi sikelo: dziyezeni musanathamange, mudziyezenso mutatha, mutavula zonyowa. Kilogalamu imodzi yomwe yachoka ndi lita imodzi ya madzi. Mukatsika kupitirira 2 pa 100 iliyonse, monga makilogalamu 1.2 kwa munthu wa makilogalamu 60, ndiye kuti mukumwa mochepa. Pobweza, imwani lita imodzi ndi theka pa kilogalamu iliyonse yomwe yachoka, pang'onopang'ono m'maola angapo.

Kumwa mopyola nako kumapha. Musapitirire lita 1.5 pa ola limodzi, chifukwa madzi okhaokha ochuluka amasungunula mchere wa m'magazi, munthu n'kuyamba mutu, kusanza, mwinanso kukomoka. Mukathamanga kupitirira ola, botolo limodzi likhale la Thanzi, paketi imodzi mu lita imodzi. Popanda Thanzi, thirani masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Ndipo muzidya. Nsima ndi ndiwo zothira mchere, phala, thobwa, zonsezi zimabweza zomwe thukuta lachotsa. Mijigo ina ya kuno imatulutsa madzi amchere moti munthu amangomwa pang'ono n'kusiya. Ngati wanu ndi wotero, tungani kwina madzi a pothamanga.

4. Pezani botolo loonekera mkati

Apa ndi pomwe malangizo ambiri amaphonya. Amati "onani mtundu wa mkodzo wanu", ngati kuti aliyense ali ndi chimbudzi chamadzi choyera. M'chimbudzi chokumba simuona kanthu. Pa dothi kapena pa udzu simuona kanthu. M'bandakucha kuli mdima, simuonanso kanthu. Tengani botolo la madzi la 500 ml lopanda mtundu, mulidule kukamwa, likhale la ntchito imeneyi basi. Kodzeranimo kawiri pa tsiku, podzuka ndi madzulo mutatha masewera, n'kuliyang'ana poyera kapena ndi tochi, kumbuyo kwake mutaika pepala loyera.

Muyang'ane ziwiri, mtundu ndi kuchuluka. Wachikasu chopepuka ngati madzi a mandimu, zili bwino. Wachikasu chakuda, wonunkha kwambiri, ndi ludzu. Wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka kapena wakuda ngati kokakola, pitani pa nambala 6.

Kuchuluka ndi komwe anthu amaiwala, chonsecho ndiko kumanena zoona za impso. Munthu wa makilogalamu 60 sayenera kutulutsa wochepera 30 ml pa ola. Ndiye ngati kuyambira m'mawa mpaka madzulo, maola 12, mukumwa ndithu koma zonse zomwe mwakodza, mutaziyeza m'botolo ulendo uliwonse, sizikufika magawo atatu a magawo anayi a botolo lija, impso zabwerera m'mbuyo. Mukatha maola 8 masana osamva n'komwe kufuna kukodza, musayamikire kuti "thupi lagwiritsa ntchito madzi onse".

5. Siyanitsani kuphwanya kwa masewera ndi ululu wa ngozi

Aliyense woyamba masewera amamva kuphwanya. Kumayamba tsiku lotsatira, kumakula pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ndipo mukayenda pang'ono thupi likatenthera kumachepa. Kumeneko n'kwabwinobwino.

Ululu wa rhabdo umaposa ntchito yomwe mwagwira. Umapweteka ngakhale mutagona. Minofu imatupa n'kuuma gwa, ntchafu kudzaza buluku, mkono kukana kuwongoka pa chigongono. Pamabwera kufooka kwenikweni: kulephera kudzuka mutanyonyomala, kulephera kukweza manja kuti muvale malaya. Ena amamva nseru, kusanza, kutentha thupi, kapena kupweteka kumsana m'munsi mwa nthiti. Dziwani kuti si onse amene mkodzo umada moonekera. Ululu ndi kufooka kotere, ngakhale mkodzo uli wachikasu, n'zokwanira kupita kuchipatala.

Mwendo kapena mkono ukauma ngati mtengo, n'kuchita dzanzi, ndipo wina akakutambasulani zala ululu n'kukhala wosapiririka, ndiye kuti kutupako kwatsekereza magazi. Pamenepo pamafunika opaleshoni m'maola ochepa, osati mawa.

6. Mkodzo wada: ndi ludzu, likodzo, malungo kapena minofu?

Kuno kwathu sitepe iyi ndi yovuta kuposa kwina, chifukwa mkodzo wofiira tinauzolowera. Alipo mpaka lero amene amati mnyamata kukodza magazi ndiko kukula. Ndiye tiyeni tiziike padera.

Wa ludzu ndi wachikasu chakuda, woonekera bwino mkati, ndipo mukakhala pamthunzi n'kumwa lita imodzi pang'onopang'ono, pomatha maola awiri kapena atatu umayamba kuyera.

Wa likodzo umayamba bwinobwino, magazi ofiira n'kubwera kumapeto, madontho otsiriza, nthawi zina ndi kuwawa pokodza. Mukausiya m'botolo kwa ola, zofiira zimadikha pansi. Sumabwera ndi kutupa kwa ntchafu.

Wa minofu ndi wakuda kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mtundu umodzi, ndipo ngakhale muusiye sudikha. Umabwera patapita maola angapo mpaka masiku awiri kapena atatu kuchokera pa masewera ovuta, pamodzi ndi ululu uja.

Malungo aakulu nawo amadetsa mkodzo ngati kokakola, chifukwa magazi amasweka m'mitsempha. Pamakhala kutentha thupi, kunjenjemera, maso achikasu, m'manja moyera. Koma musataye nthawi kusiyanitsa malungo ndi minofu pakhomo, chifukwa zonse ziwiri zimapha impso, zonse ziwiri ndi za kuchipatala lero lomwe, ndipo zingathe kubwera pamodzi.

Pali zina zosokoneza. Mankhwala a TB a rifampicin amasandutsa mkodzo kukhala ngati Fanta. Atsikana amene ali kumwezi asambe kaye, ayambe kukodza pang'ono pansi, kenako atape wapakati.

Cholakwa chachikulu n'chakuti munthu amamwa madzi, mkodzo n'kuyera, n'kunena kuti zatha. Myoglobin imachoka mu mkodzo msanga, koma kuvulala kwa impso kumaonekera patapita tsiku limodzi kapena awiri. Ngati munaonapo wa kokakola ngakhale kamodzi kokha, kuyezetsa kulipobe. Ujambuleni pa foni ngati muli nayo, kapena tsekani botololo mupite nalo.

7. Siyani, nenani, ndipo musamwe brufen

Pakhomo kusiya n'kosavuta. Pa kampu ndi nkhani ina. Mwadikira mwayiwu zaka, kwanu anagulitsa mbuzi kuti mupeze thiransipoti, ndipo mukuopa kuti mukadandaula akuyesani waulesi kapena akubwezani. Mantha amenewa ndi omveka. Koma werengerani bwino: amene wanena tsiku loyamba amagona masiku ochepa pa diripi ndipo nthawi zambiri impso zimabwerera mwakale. Amene wabisa n'kupitiriza amadzagwabe, pamaso pa anthu omwewo, ndipo ndiye amene maphunziro ake amathera pomwepo.

Kanenedwe kake n'kofunika. Mukati "thupi likuphwanya", mlangizi aliyense akuuzani kuti onse likuwaphwanya, ndipo sakunama. Nenani zooneka ndi maso: "Bwana, mkodzo wanga wada ngati kokakola kuyambira dzulo, lero ndakodza kamodzi kokha, ndipo ntchafu zatupa. Ndikupempha kuonana ndi a chipatala." Muonetseni botolo. Gwirizanani ndi mnzanu wogona naye pafupi kuti muzifunsana tsiku lililonse kuti wakodza kangati, ndipo wina akabisa, mnzake akanene. Kumeneko si kupereka mnzako. Ngati mmodzi wapezeka nalo pambuyo pa chilango cha gulu, enanso a gulu lomwelo ayang'ane m'mabotolo mwawo, chifukwa vutoli limakonda kugwira angapo nthawi imodzi.

Makolo, mwana akaimba foni n'kunena zimenezi, musamuuze kuti "limba mtima, ndiwe mwamuna". Muuzeni akanene usiku womwewo.

Podikira thandizo, khalani pamthunzi, vulani jombo ndi zothina, imwani madzi kapu imodzi mphindi 15 zilizonse ngati simukusanza. Musamwe brufen, diclofenac, indocid kapena aspirin. Mankhwala amenewa amatseka njira yomwe impso zimadzitetezera nayo magazi akachepa, moti ndi amene amasandutsa vuto laling'ono kukhala lalikulu. Chizolowezi chomwa brufen musanathamange "kuti miyendo isamve" n'choopsa pa chifukwa chomwecho. Ululu ukakula, panado ndiye wabwinoko, mapiritsi awiri a 500 mg, osapitirira kanayi pa tsiku. Musathowe ndi madzi otentha, musasisite mwamphamvu, musateme mphini, ndipo zitsamba "zotsuka impso" zidikire kaye, pakuti impso yodwala siifuna katundu wina.

Koma ngati mkodzo waimiratu, nkhope ndi akakolo zatupa, kapena mukupuma mwabefu, lekani kudzikakamiza madzi, ndipo Thanzi ndi nthochi musiye. Minofu yophwanyika imatulutsa mchere wa potassium, impso zikalephera kuuchotsa umasokoneza kugunda kwa mtima, ndipo Thanzi ndi nthochi zili nawo. Apa n'kungonyamuka.

Mnzanu akagwa padzuwa n'kuyamba kubwebweta, kudzandira kapena kuchita ndewu yopanda chifukwa, thupi lili moto, ameneyo kutentha kwamulowa. Kutuluka thukuta sikutanthauza kuti ali bwino. Muvuleni, muthireni madzi ozizira thupi lonse mosalekeza, mumukupize ndi chitenje kapena katoni, ndipo yambani pomwepo galimoto isanabwere, mupitirize muli m'njira. Wokomoka musamumwetse. Ndipo musakamuviike mu Shire, ng'ona sizidziwa za odwala. Wa sickle cell uja amagwa mosiyanako: nthawi zambiri m'mphindi zoyambirira za liwiro, miyendo imangolefuka osakokana, iye akulankhula bwinobwino. Ameneyonso asakakamizidwe kudzuka.

8. Kuchipatala, nenani za masewera musanafunsidwe

Pa mzere wautali, wotentha thupi ndi wophwanya m'thupi amayezedwa malungo, ndipo ngati simunena zambiri mungathe kubwerera ndi LA ndi brufen. Choncho yambani ndi mawu awa: "Adokotala, ndinachita masewera olimbitsa thupi mopitirira masiku awiri apitawa, minofu yatupa, mkodzo wada ndipo wachepa. Ndikuopa impso." Tchulani mankhwala onse amene mwamwa sabata imeneyo, a m'golosale ndi achikuda omwe. Ngati muli pa ma ARV nenaninso, chifukwa tenofovir amatulukira mu impso ndipo dokotala ayenera kudziwa.

Zoyeza zake ndi izi. Kapepala koviika mu mkodzo kamasonyeza "magazi" kaya muli magazi enieni kaya myoglobin. Ndiye mkodzo womwewo uonedwe pa maikulosikopu: ngati kapepala kakuti magazi alimo koma maselo ofiira sakuoneka, ndiye kuti ndi minofu kapena magazi osweka ndi malungo, ngati maselo alimo pamodzi ndi mazira, ndi likodzo. Kuyeza kumeneku n'kotsika mtengo ndipo labotale wamba imakwanitsa. Kenako magazi: creatinine ndi urea zimanena za impso, potassium imanena za ngozi ya mtima. CK ndiye imayeza kuphwanyika kwa minofu. Ikapitirira kasanu mlingo wake, cha m'ma 1,000, ndi rhabdo, ndipo ikadutsa 5,000 impso zimakhala pa ngozi yeniyeni. CK sipezeka paliponse, koma kusowa kwake sikuletsa kuyamba madiripi. Creatinine ikatuluka bwino tsiku loyamba, pemphani kuti ibwerezedwe patapita maola 24 mpaka 48.

Pa chipatala chaching'ono angathe kuyamba diripi, koma magaziwa amayezedwa pa zipatala zazikulu monga cha boma cha Chikwawa, cha Nsanje, kapena St Montfort ku Nchalo. Makina osefa magazi aja (dialysis) apafupi ali ku Queen Elizabeth ku Blantyre, pafupifupi makilomita 50 kuchokera pa Chikwawa kukwera Thabwa, ndi cha m'ma 180 kuchokera pa Nsanje. Mtunda umenewu ndi chifukwa china chosadikirira kuti kuche kawiri. Mukagonekedwa, wokudikirirani azisunga mkodzo wonse m'botolo n'kulemba nthawi ndi kuchuluka kwake. Anamwino zimawathandiza kudziwa ngati awonjezere diripi kapena achepetse.

9. Kubwerera ku masewera

Musabwerere chifukwa mkodzo wayera. Dikirani ululu ndi kutupa zithe, mphamvu zibwerere, ndipo a chipatala atsimikize kuti magazi abwerera m'malo. Masiku atatu oyamba ndi opumula kotheratu, kugona mokwanira, kupewa dzuwa. Kenako sabata ziwiri zikhale za kuyenda ndi ntchito zopepuka, botolo lija lili pafupi. Zikatero yambani kuthamanga pang'ono m'mamawa, ndipo masewera amene anakuvulazani aja akhale omalizira kubwerera. Pemphani kuti zotsatira zonse zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala, manambala ake enieni ndi madeti. Ngati vutoli labweranso kachiwiri, kapena linabwera pa masewera opepuka, kapena pali m'bale wanu amene linamuchitikirapo, musayambirenso musanayezedwe sickle cell ndi kuonana ndi dokotala wa ku chipatala chachikulu.